Mmene ndinakhutitsira tizilombo ta Dotora

Ine ntchito ya malipiro ndinaiyamba ndili ndi zidzukulu zinayi, imvi zitamera kale. Ndinatsika kuchoka ku Zóbuè kudzalera khanda la mwana wanga ku Moatize, nthawi imene malasha ankakoka anthu ngati uchi. Mayi wina wa kutchalitchi ndiye anandinong'oneza kuti kuli nyumba yoyezera dothi, akufuna wotsuka mabotolo. Ndinapita, ndinatsuka, anandilemba. Ndinavina njira yonse, fumbi la magalimoto a ku mgodi wa Chipanga lili m'maso, ine osalimva.

Mwini ntchito tinkangowatchula kuti Dotora, mayi wamfupi wosachulutsa mawu. Ankatenga dothi la m'minda, kulisungunula m'madzi, kulipaka pa timbale tagalasi. Pakapita masiku pankamera timadontho toyera ngati choko, tonunkhira mvula yoyamba. Ankati timeneto ndi tizilombo ta m'dothi, timene timatulutsa mankhwala opha tinzake toyambitsa matenda. Ankatola kadontho ndi kawaya kowotcha pamoto, n'kukaika m'botolo la msuzi. Msuziwo ndiwo chakudya chake.

Otsuka tinalipo awiri, ine ndi Luiza wa ku Benga kumtsinje, Mnyungwe wamtali woseka ndi mano onse. Tsiku lina Dotora anati, "Mmodzi wa inu akhala wophika msuzi, azivala bata. Aliyense aphike mabotolo asanu, tione." Bata, abale, chovala choyera chija cha anthu a m'chipatala. Ine kulilota ndili maso.

Muyeso unali umodzi: madzi owiritsira mbatata ya kachewere, ufa wa soya pang'ono, shuga kansonga ka supuni, zonse zoyeza pa kasikelo kotchedwa balansa. Ukatha, mabotolo amalowa mumphika wa nthunzi wotseka ndi zomangira, kuti chamoyo chilichonse chife tisanaikemo alendo athu, tizilombo tija. Luiza ankayeza ngati mchere wopempha. Dotora akadutsa, "Bwino, Luiza." Akabwerera, "Bwino, Luiza." Ine mtima kuwawa ngati ndameza tsabola. Mbatatazo n'zakwathu kumapiri, ndazilima, ndazikumba, ndazisenza, ndiye andipose mkazi wa kumtsinje wodziwa nsomba zokha?

Ndinayang'ana msuzi wanga, madzi okhaokha. Kwathu mlendo sapatsidwa zotero, angakakunene kwawo. Dotora atatuluka, ndisanatseke mphika, ndinathira shuga masupuni atatu m'botolo lililonse, ndi mkaka waufa umene ndinatapa kunyumba. Ndinati mudye, alendo anga, mudye, mudziwe kuti mwafika kwa mayi.

Tizilomboto tinadyadi. Sabata isanathe mabotolo anga anali olemera ngati thobwa, a Luiza ali mbee.

"Komadre mnzanga, ana anuwa akudwala kodi?" ndinamufunsa.

"Ayi amayi, akusala," anatero. "Kwawo ndi Kwaresima, nyengo ya Lenti."

Tsiku loyesa linafika. Dotora ananyika timapepala tozungulira m'madzi a botolo lililonse, n'kutisanja pa mbale zopakidwa tizilombo ta matenda, n'kutsekera m'kabati yofunda. M'mawa mwake tinaima atatu pawindo, mbale zili m'manja. Kuzungulira timapepala ta Luiza kunali koyera ngati pabwalo posesa, matenda atathawa. Pa tanga zii, matenda atafika mpaka pakhomo.

"Mayi, munathiramo chiyani?" Dotora anafunsa.

Ndinaulula. Bodza pa ukalamba silikhala.

Dotora anagwira pachipumi. "Timeneti tikakhuta timangoswana. Mankhwala timapanga chakudya chikayamba kuchepa, kuti tithamangitse tinzake. Inu mwatikonzera ukwati, ndiye timenyane ndi yani?"

Luiza anati, "Amayi, mukadzaphikanso choncho muziitana ine."

Ndinaseka nawo, misozi ili pafupi. Bata linapita kwa Luiza. Linkamukhala, ndisaname, linkamukhala. Ine ndinatsala pa sinki zaka zonse zimene nyumbayo inagwira ntchito, ndikutsuka ndikuimba, mabotolo anga akuwala kuposa a wina aliyense m'Tete muno. Dotora sanandichotse. Ankangotseka kabati ya shuga ndi loko ine ndikuona, kiyi n'kupatsa Luiza.

Chimene ndinatola n'chakuti dzanja lopatsa lili ndi malo ake. Kunyumba kwanga ndimathira mpaka mphika usefukire, wobwera adye, wodutsa adye. Koma munthu akakupatsa muyeso wa ntchito yake, ngakhale uoneke waumbombo, usaonjezepo chikondi.