Kakowa ndi chisoso ku Likhubula

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene bambo anatisiya ku Chilomoni, ine ndi amayi, n'kupita kwawo ku Nsanje. Anati akupita kumaliro, abwera sabata yamawa. Mvula inagwa mpaka kukata, iwo osaoneka.

Loweruka lililonse tinkakachapa kumtsinje wa Likhubula. Kumunsi kwa miyala yochapira kunkaima kakowa mmodzi, woyera mbee, m'madzi a thovu la sopo aja. Bambo anandiuzapo kuti kumadambo a kwawo akakowa ndi osawerengeka, ndiye ine ndinangotsimikiza kuti ameneyu wachokera kwa iwo. Poti ndinalibe mnzanga, ndinkacheza naye chamumtima. Amayi, podikira kuti zovala ziume, ankathyola chisoso m'mbali mwa mtsinje. Ine chisoso ndinkadana nacho koopsa: timaluwa take tosaoneka n'komwe, kukhala ndiwo tsiku ndi tsiku, ndiponso njere zake zomata payunifolomu zimene ankandiseka nazo kusukulu.

Kenako kunabwera azakhali, mlongo wawo wa bambo, kudzanditenga. Ankati kwawoko mwana ndi wa bambo, poti amayi anachita kuwalowola. Amayi sanalimbane nawo, anangoti mwana asankhe yekha. Anandifunsira kumtsinje komweko, ndipo pakamwa pangapa panatuluka mawu amene sindingawabweze.

"Adadi ali ngati kakowa uyo. Inu muli ngati chisoso, mumangomumatirira munthu."

Ndinkadikira khofi. Amayi anangogwada n'kuyamba kundichotsa njere padiresi, imodziimodzi. Atamaliza anati, "Uzikagona m'neti, kumeneko udzudzu ndi wambiri."

Ku Nsanje ndinakapeza akakowa mbwee, ndi bambo ali ndi mkazi wina komanso khanda. Sanali ankhanza ayi, koma pankatha sabata osandifunsa n'komwe kuti ndadzuka bwanji. Ndinkadyera ndekha kuseri kwa nyumba. Amayi ankanditumizira sopo ndi makope kudzera mwa kondakitala wa basi, teremu iliyonse osaphonya. Ine manyazi anandigwira, sindinawalembere ngakhale kalata imodzi. Chaka chachiwiri chisanathe anamwalira ali okha m'nyumba ya lendi imene tinkakhala ku Chilomoni, ndipo amene anawapeza ndi aneba.

Lero ndili ndi ana anga awiri, ndipo nawonso amadandaula kuti ndimawamatirira. Tsopano ndikudziwa kuti mwana amalirira amene wachoka, ndipo mkwiyo wake wonse amauthira pa amene watsala, chifukwa ndiye ali pafupi. Amayi ankadziwa zimenezo, n'chifukwa chake sanandimenye. Koma ine zimandiwawabe, chifukwa sindinawapepese.