Maliro ku Mponela, magitala ku Perth

Ndikukumbukira sabata imene nyumba yathu ya ku Ellenbrook, dera la mzinda wa Perth ku Australia, inasanduka siwa. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, tisanakhalitse kwenikweni chichokere ku Lilongwe. Uthenga unafika pakati pa sabata kuti bambo aakulu, mkulu wawo wa bambo anga, atisiya ku Mponela. Zokwera ndege sizikanatheka, poti maliro akwathu sadikira munthu wa kutsidya kwa nyanja. Choncho malirowo ndi amene anatilondola. Pofika madzulo mipando inali itatulutsidwa pabalaza, azimayi a kumpingo atakhala pansi ndi zitenje zawo ndi mipango kumutu, azibambo ali mugalaja pamipando yapulasitiki. Kunja kunali kotentha, mphepo ikununkha bulugamu. Mzungu woyandikana nafe ataona magalimoto atadzaza msewu anabwera kudzafunsa ngati kuli ukwati.

Bambo aakuluwo ine sindinkawadziwa bwino. Chimene ndinkakumbukira ndi tepi yoyezera ili m'khosi ndi fungo la mafuta a makina. Anali telala pakhonde la sitolo ina, ndipo ndiwo analera bambo anga. Pambali pa makinawo pankakhala wailesi yomangidwa ndi mphira, imene inkaoneka kuti imadziwa nyimbo za kantire zokha. Bambo anakula akusokerera mabatani uku akumvera mzungu wina wa ku Amereka, wamawu okhuthala, akudandaula za akazi omuthawa ndi misewu yosatha. Awiriwa ankangomutchula kuti mdala wathu, ngati kuti ndi wa m'mudzi momwemo.

Ndiye mdalayo anali paulendo woimba m'mizinda ya Australia, ndipo ku Perth ankaimba Lachisanu la sabata yomweyo. Matikiti awiri bambo anali atagula kalekale, shifti ya kuntchito kwawo ku Malaga, kumene ankawotcherera zitsulo, atasinthana ndi mnzawo. Chachikulu n'chakuti anali atalonjeza mkulu wawo kuti nyimbo zikadzayamba adzaimba foni, nawonso adzamve mdalayo akuimba pompopompo. Akuti bambo aakulu anachita kugulira foni yawo batire latsopano. Lachisanu lomwelo ndi limene abale kumudzi anasankha kuti likhale loika maliro.

Koma namfedwa sachoka pasiwa, makamaka tsiku loika, ndiponso bambo anali mkulu wa mpingo. Kumveka kuti munthu wasiya anthu akumukhuza maliro, iye n'kupita kumagitala, dzina likanaonongeka kuyambira ku Perth mpaka ku Mponela. Amalawife kuno tinali ochepa, koma nkhani tinkaziyendetsa ngati tilipo dziko lonse. Masiku awiri onsewo bambo anangokhala mugalaja, atavala suti yakuda, akulandira zipepeso. Sanagwetse msozi, ndipo za matikiti sanatchule.

Lachisanu dzuwa litapendeka mayi anandiitanira kukhitchini, kumene ankapaka buledi majarini. "Chikondi, vala nsapato. Bambo ako akupita ku Morley kukagula makadi oimbira foni kumudzi. Namfedwa sayenda yekha, upite nawo." Anayankhula mokweza kuti a pabalaza amve. Kenako anandifumbatitsa matikiti aja, n'kunong'ona kuti, "Akakufunsa, iwe ndiwe mwana, sudziwa kanthu." Mugalaja a Chisale, amene anali wamkulu pa akulu a mpingo onse, anati bwanji atume mnyamata. Bambo anayankha kuti makadi ena amadula msanga, abwino ake amawadziwa okha.

Ku Morley tinaimadi, makadi tinaguladi. Kungoti pochoka pamenepo galimoto inalunjika m'tauni.

Holo yake inali yaikulu kuposa chilichonse chimene ndinali nditalowamo. Anthu anali mbwee, ambiri a imvi, atavala majinzi, majombo ndi zipewa zakhonde ngati kunja kuli ng'ombe zowadikira. Munkanunkha mowa wotayikira ndi tchipisi. Mipando yathu inali pamwamba penipeni. Pa anthu onse amene maso anga anafika, ovala tayi anali bambo okha. Mayi wina wonenepa wa pafupi nafe anandipatsa maswiti n'kundifunsa ngati ndimamukonda woimbayo. Ndinati eya, poti munthu wakupatsa maswiti sumukhumudwitsa.

Magetsi atazima anthu anakuwa mpaka mpando unanjenjemera. Mdala uja anatulukira akuyenda pang'onopang'ono, wamng'ono ngati chala, ndipo nkhope yake tinkaionera pamakanema aakulu a m'mbali. Kunena zoona ine nyimbozo zinkandimvekera zofanana zonse. Ndinayamba kuwerenga zipewa, kenako ndinatopa nazo. Anthu ankaimirira, kuomba m'manja, kuimba nawo. Bambo anakhala phee, manja ali pamaondo, foni ili pantchafu, monga amakhalira ulaliki ukatalika.

Kuno kukamada, kwathu kumakhala kudakali masana. Chapakati pa zoimbazo foni inawala. Unali uthenga wa Yamikani, mwana woyamba wa bambo aakulu, wakuti afika kumanda. Bambo anavala magalasi, natulutsa khadi limodzi, nalipala ndi kiyi wa galimoto, n'kuyamba kudina manambala aatali aja mumdima. Analakwitsa, nayambiranso. Nambala imene ankaimba inali ya mkulu wawo. Nthawi imeneyo n'kuti oimba ena atatsika, mdalayo atatsala yekha pampando ndi gitala, holo yonse ili chete. Choncho ndinamva bwino bambo akuti, "Yami, ndine. Akutsitsa? Usadule. Ingoika foniyo m'thumba la malaya, uime pafupi."

Anaimirira n'kukweza foni ija m'mwamba, kuilozetsa kunsanja. Panalibe chachilendo, poti anthu ambiri anali atakweza mafoni awo. Kusiyana kwake kunali kwakuti bambo ankalira. Sanalire mokuwa, koma misozi inkangotsika mpaka kunyowetsa kolala, mapewa akugwedezeka, dzanja lili chikwezere. Ndinali ndisanawaonepo akulira, ndipo ndinachita mantha. Ndinawafunsa m'Chingerezi ngati ali bwino, iwo anangondigwira pamutu ndi dzanja linalo. Mayi wamaswiti uja anawasisita pamsana n'kunena kuti nyimbo imeneyi nayenso imamutero. Khadi litatha foni inaduka yokha, bambo n'kukhala pansi. Sitinadikire kuti zithe.

Titafika kunyumba azimayi anali akuimbabe nyimbo za maliro. Mugalaja nkhani zinaduka titangolowa. A Chisale anatiyang'ana, ine n'kuyamba kukonzekera kusadziwa kanthu.

"Makadi a ku Morley avuta chonchi, a Banda?"

"Makadi tinawapeza, abambo," bambo anatero. "Koma ndinapitirira. Ndinapita kwa woimba uja. Ndinawalonjeza achimwene kuti adzamumva, ndiye amumva pamene amawatsitsa."

Wina anatsokomola, wina anayamba kuyang'anitsitsa nsapato zake. A Chisale anapukuta thukuta pachipumi. Kenako anakankha mpando wa pafupi nawo ndi phazi.

"Khalani pansi. Nanga mwambo wayenda bwanji?"

"Wayenda bwino."

Sindinganame kuti nkhani inathera pomwepo. Anthu anayankhula. Ena ankati maliro n'kulirana, ife tinasiya mashifti athu kudzakhala naye, mwiniwake ali kuzisangalalo. Panapita miyezi bambo asanapatsidwenso mpata wotsogolera mapemphero, ndipo azimayi angapo moni wawo kwa mayi unafupika. Bambo sanadzitchinjirize kwa aliyense. Yamikani anadzandiuza patapita zaka kuti nyimboyo inkamveka pang'ono chabe, ngati udzudzu m'thumba, ndipo mmodzi wa adzukulu okumba manda anamuyang'ana ndi diso loipa.

Lero zinthu zinasintha. Makadi aja sindikudziwa ngati akugulitsidwabe, ku Ellenbrook kunafika sitima, ndipo maliro akumudzi timawaonera pakanema pabalaza, kuyambira kunyamula bokosi mpaka nkhata yomaliza. Palibenso chifukwa choti namfedwa azembe. Chaka chatha tinaika azakhali anga mwa njira imeneyi, nyumba itadzaza, aliyense maso ali pakanema. Bambo, amene tsopano imvi zili mbuu, anaonera zonse osaphonya kanthu. Ine ndinkawayang'ana chakumbali, kudikira. Mwambo utatha anavula magalasi, nawapukuta, n'kunena kuti mnyamata wojambulayo dzanja lake limanjenjemera. Kenako anafunsa ngati alendo onse alandira tiyi.