Ndinati Ndi Tsempho, Madokotala Ati Ndi Maribosomu

Amene anandiuza nkhaniyi ndi mwana wanga Yotamu, Lachiwiri, pa foni ali ku Lusaka. Anapita kumeneko ndi mkazi wake NyaZimba kukaonetsa mdzukulu wanga Taonga, amene chibadwire magazi amangomuthera. Pa boma pano amuwonjezera magazi kangapo, koma pakangopita mwezi zikhatho zimayeranso.

Yotamu anafotokoza pang'onopang'ono, poti ine sukulu ndinalekezera giredi 7. Akuti thupi linamangidwa ndi maselo, ndipo m'maselomo muli tinthu tosaoneka ndi maso totchedwa maribosomu. Kalikonse kali ndi zigawo ziwiri, chachikulu ndi chaching'ono, zokhalirana ngati mphero ndi mwana wake. Zigawozo zinawumbidwa ndi chinthu chotchedwa RNA pamodzi ndi mapuloteni ambirimbiri, ndipo ntchito yake ndi kupanga mapuloteni ena onse amene thupi limafuna. Mwa Taonga, puloteni imodzi ya m'chigawo chaching'onocho ndi yoperewera, n'chifukwa chake mafupa ake sapanga magazi okwanira. Anabadwa nazo.

"Amama, akuti si mlandu wa munthu," anatero. "Kapena zinachokera kumtundu kwathu komwe."

Ndinali m'munda wa nshawa. Ndinangokhala pansi pamzere.

Abale anga owerenga, ine ndinalakwa. Chaka chatha mwanayo atatuwa, ndinati ndi tsempho. Ndinati NyaZimba anayenda njira zosayenera n'kudzathira mchere m'ndiwo. Ndinanena izi pamaso pa amayi anzanga a kumpingo, nditavala yunifomu. Iye anangobereka mwana wake, ndipo chiyambire tsikulo sanadyenso pakhomo panga.

Kodi m'midzi mwathu muno ndi apongozi angati asenza dzina loipa chifukwa cha matenda amene ife sitiwadziwa? Mwamuna timamufunsa? Ayi. Timathamangira mkazi, poti ndi wobwera.

Ndithokoza Mulungu chifukwa cha madokotala aja, ndi anthu osawadziwa amene magazi awo ali m'thupi la mdzukulu wanga. Koma nditapempha Yotamu kuti apereke foni kwa mkazi wake, anati watuluka pang'ono. Ine ndinkamumva bwinobwino akutonthoza mwana pafupi pomwepo.

Lachinayi ndinaimirira pamaso pa amayi omwe aja n'kubweza mawu anga. Ena anawerama, poti anandithandiza kuwafalitsa.

Yotamu ndi banja lake abwera Loweruka pa basi. Sindikudziwa ngati NyaZimba adzandilola kunyamula mwanayo. Mukagwada, mukumbukire banja lathu: Taonga apeze magazi, Yotamu asatope, ndipo mpongozi wanga, ngati angathe, adzandiyang'anenso kumaso.