Musatseke Kaye

Lachiwiri tinaika mayi anga aakulu kumudzi kwathu, kuseri kwa Nambuma. Mwana wawo yekhayo, Esinati, ali ku Joni. Mapepala ake anatha, akatuluka sadzalowanso, ndiye sanabwere. Anangopempha chinthu chimodzi: aone nkhope ya mayi ake bokosi lisanatsekedwe.

Ntchitoyo inagwera ine. Sukulu ndinasiyira Fomu 2, koma kwathu kuno ukangodziwa kutokosa foni ndiwe injiniya.

"Uike layivi pa intaneti, abale onse aonere limodzi mwambo uli m'kati," anatero amalume.

Ndinaika. Wina anagawa ku gulu lake, gululo n'kugawa ku tsamba lina lalikulu la nkhani za ngozi ndi maliro. Pomwe amayi a kwaya ankayamba nyimbo yachiwiri, oonera anali masauzande. Munthu amene anagona m'chipatala milungu itatu, omuzonda osakwana asanu.

Ndemanga zinkangothamanga. "Pepani." "Kodi amadwala chiyani?" "Koma bokosilo, abale analipo?" Wina ankatsatsa mankhwala a shuga.

Nthawi yoona nkhope itakwana, ndinayandikitsa foni n'kuwerenga mpaka khumi chamumtima. Mkulu wa adzukulu okumba manda anandifunsa, "Esinati waona, eti?"

Ndinati waona. Anakhoma misomali.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti layivi imafika mochedwa. Kanemayo amayenda mtunda, amaima, amazungulirazungulira, kenako n'kudumpha. Kwa Esinati anaima pa nsapato za amalume. Atayambanso, ankaonetsa chivindikiro.

Esinati analemba kanayi konse: "Musatseke kaye." Ndinadzaona titabwerako kumanda, mawu ake atakwiririka m'mapepani a anthu osatidziwa.

Tandiuzani, kodi zimenezi timachitiranji? Ukwati layivi, ubatizo layivi, minibasi ikagubuduka pa Nsaru layivi. Timati tikufikitsa mwambo kwa abale akutali. Bodza. Timawerenga maso. Ine ndemwe ndinkayang'ana nambala ya oonera ikukwera, mtima n'kumakoma, pamaliro a mayi anga. Ndikanamuimbira Esinati yekha foni ya kanema, bwenzi atandiuza ndi pakamwa kuti chithunzi chaima.

Musaganize kuti taphunzirapo kanthu. Amalume akuuza aliyense kuti maliro a mlongo wawo anaonedwa mpaka ku Ulaya. Banja lina pamudzi pomwepa landiuza kale kuti ndisapite patali, agogo awo sakupeza bwino. Munthu akupuma, iwo akusaka pogwira netiweki.

Dzulo ndinalimba mtima n'kumuimbira Esinati kuti ndimutumizire kanema yense.

"Usavutike," anatero. "Ndawaona. Mnzanga wa kuntchito ndiye wandionetsa, samadziwa n'komwe kuti ndi amayi. Anthu adula pankhope pokha, aikapo nyimbo ndi dzina la tsamba lawo."

Ndinati pepani achemwali.

"Nawenso pepani? Ndawerenga ambiri," anatero, n'kudula foni.

Misomali sizulidwa, ndipo kanemayo sindingamuchotse m'mafoni a anthu. Inu amene munaonera mwambo wonse osadukiza, mungandiuze dzina la malemu?