Mpata umene mwana wanga anandisiyira

Fungo la fumbi lopserera pa hita yotenthetsera m'nyumba limandibwezera m'kachipinda kena ku Peckham, kutsidya kwa nyanja, momwe ndinkaphunzira kompyuta imvi zitamera kale. Mapepala anga ondilola kukhala m'dzikomo anali atatha, moti ndikanapita kumudzi sindikanabwereranso.

Tsiku lina mphunzitsi wathu, mayi wa ku Zambia, anatsegula tsamba la pa intaneti limene anthu otalikirana amajambulapo limodzi. Mwana wanga wamkazi, amene ndinamusiya akuyamwa, anali pakompyuta ina ku Blantyre. Ndinaona mizere ikutuluka yokha: nyumba, mayi ake, iyeyo, kenako mpata.

"Atate, aya ni malo yanu. Dzijambuleni, mwana wanu akukuyembekezani," anatero mphunzitsiyo.

Ndinagwira mausi ya kompyutayo kuti ndijambule. Ndijambule nkhope iti yoti aizindikire? Mwanayo anadikira, anadikirabe, kenako pampata paja anayamba kujambula mtengo wa papaya.