Tinapenta Galimoto ya Bambo M'chiperoni

Bambo anga anali dalaivala ku esiteti ya tiyi kwa zaka zambiri, ndipo atapuma ntchito anagula galimoto kwa bwana wina yemwe ankabwerera kwawo. Inali yakale kale pamene ankaigula. Inali yaitali, ya zitseko zisanu, nyali zozungulira, mabampala achitsulo chenicheni. Anthu a pa Chitakale ankaidziwa ndi kulira kwake isanatulukire pakona. Ine ndinaphunzirira kuyendetsa pa galimoto yomweyi, m'timisewu ta m'minda ya tiyi, bambo akundikalipira kuti ndikupha giya. Iwo atamwalira inakhala zaka zinayi pansi pa mtengo wa mapeyala kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikira mazira pampando wakumbuyo.

Chaka chomanga chiliza chitakwana, abale a bambo ku Milonde, kumene anaikidwa, anatchula Loweruka loyamba la Ogasiti. Mayi sanapemphe zambiri. Anangoti, "Ine kumandako sindipita pa minibasi kapena pa kabaza. Ndipita pa galimoto ya bambo ako, ndipo ioneke mmene ankaisungira iwo."

Ine ndine mwana woyamba, wamkazi, mphunzitsi wa pulayimale, ndipo zoterezi zimagwera ine. Alongo anga awiri ali ku Joni, ndipo chimene amatumiza kwambiri ndi malangizo. Injini sinavute. Makaniko wina anaitsegula, kusintha izi ndi izo, kuika batire, tsiku lachitatu inatsokomola n'kudzuka. Vuto linali thupi lake. Dzimbiri linali litadya m'munsi mwa zitseko, penti anali atasupuka padenga, ndipo mtundu wake sukanautchula dzina. Simenti ndi mwala wa chiliza zinali zitatenga kale gawo lalikulu la ndalama, moti za penti zinali zongotsalira.

Kuseri kwa msika wa Chitakale kuli mkulu wina wopenta magalimoto, Msilamu, wosachulutsa mawu, wovala kofia yomwe inali yoyera kalekale koma tsopano ili ndi madontho a mtundu uliwonse. Amagwirira ntchito m'chisakasa cha malata chotsekula mbali ziwiri. Iye ankanditcha aphunzitsi, ine ndinkamutcha amisiri.

"Mtundu wanji?" anandifunsa.

"Buluu."

"Buluu wake uti, aphunzitsi? Abuluu alipo ambiri."

Ndisanayankhe anatsegula chitseko cha dalaivala, n'kukanganula labala wa m'mphepete ndi chala. Pansi pake panali kamzere ka penti amene dzuwa silinamuonepo, buluu wakuya, wonyezimira ngati anapakidwa dzulo. Anati, "Uyu ndiye inabwera naye kuchokera kumene inapangidwa." Ndinakondwa ngati ndatola chinthu pamsewu. Ndinaona kale galimoto ikulowa m'mudzi wa kwa bambo ikuwala, azakhali ndi ana awo atasowa chonena, iwo amene ankati tigulitse kwa ogula zitsulo zakutha.

Amisiri anasakaniza penti pang'ono mpaka anafanana ndi kamzere kaja, n'kupopera pa kachidutswa ka lata kuti ndikawaonetse mayi. Ndinawapeza pakhonde akusankha nandolo m'lichero. Anakatenga kalatako, kukatembenuza, kukayang'anitsa pa dzuwa, n'kundibwezera.

"Si ameneyu."

"Ndi ameneyu, mayi. Tamupeza pansi pa labala wa chitseko. Ndiye weniweni."

"Ya bambo ako sinkathobwa m'maso chonchi. Inali yotuwirako, ngati yunifolomu ya mwana wasukulu yochapidwachapidwa."

Ine mtima wanga ndi wapachala, ndinatengera bambo omwewo. Ndinali nditatopa ndi kuyenda pakati pa sukulu, makaniko ndi omanga chiliza, ndiye ndinayankha zimene mpaka lero zimandichititsa manyazi. Ndinati, "Maso anu ndi amene atuwa, mayi." Anabwerera ku nandolo wawo, ine ndinabwerera kwa amisiri n'kuwauza kuti mayi avomera.

Kenako panabwera nkhani ya mtundu wa pentiyo. Amisiri anandifotokozera kuti alipo awiri. Wina amasakaniza ndi mankhwala olimbitsa, n'kudzapoperanso vanishi pamwamba. Ameneyo amawala zaka ndipo sachita mantha ndi nyengo, koma mtengo wake nditaumva ndinangoseka. Winayo amasungunula ndi thina basi, amauma msanga, ndipo thumba langa linkamukwanitsa.

"Amawala?" ndinafunsa.

"Amawala ndithu, mukamupopera tsiku louma, la dzuwa. Koma penti ameneyu ndi chiperoni sagwirizana."

Ndinamva, koma sindinasunge. Kunja kunali dzuwa, phiri la Mulanje likuoneka mwala uliwonse mpaka ku nsonga ya Chambe, ndipo tsiku la chiliza linali patali.

Ntchito yopenta galimoto, kupentako ndi kochepa. Masabata atatu anathera pa kukhula penti wakale ndi sandipepa, kudula malo odyeka ndi dzimbiri, kuwotcherera zigamba, kumata, kukhulanso. Magetsi ankathima masiku ena, kompulesa yopoperera penti n'kukhala chete. Ndikaweruka kusukulu ndinkadzera komweko, n'kupeza galimoto ili ndi zigambazigamba ngati mbuzi yamphere. Pofika sabata yomaliza inali itapakidwa penti wapansi, wotuwa ngati phulusa, magalasi ndi nyali atazimata ndi manyuzipepala. Chotsala chinali buluu yekha.

Lolemba m'mawa ndinadzuka n'kupeza phiri kulibe. Chiperoni chinali chitafika. Amene sanakhaleko ku Mulanje amaganiza kuti ndi mvula, koma si mvula yeniyeni. Ndi nkhungu yozizira yowaza timadzi, imene imalowa m'nyumba, m'zofunda, m'machesi, ndipo zovala zimakhala pachingwe masiku atatu osauma. Lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu chimodzimodzi. Lachisanu amisiri amapita ku mzikiti, komanso penti amafunika tsiku lake loti aume. Ndiye Lachinayi ndinafika ku chisakasa kuja nditakunga kale nkhope.

"Lero tipopera," ndinatero.

"Lero ayi, aphunzitsi. Pitani nayo chonchi ku chiliza, mukabwerako dzuwa litatuluka tidzapopera bwinobwino."

"Ndipite nayo yotuwa chonchi? Pamaso pa abale a bambo anga? Kodi mvula ikugwera m'chisakasa muno?"

"Si mvula ayi. Madzi ali mumpweyamu."

"Amisiri, za mpweya ndimaphunzitsa ine m'kalasi."

Amisiri anati, "Galimoto ndi yanu." Anatseka mbali zotsekula zija ndi masaka ndi tenti yakale. Ine, mwa nzeru zanga, ndinati tiike mbaula m'katimo kuti mutenthe. Anandilozera chitini cha thina, amene amayaka ngati petulo, n'kundifunsa ngati ndikufuna kuti abale anga amange ziliza zitatu. Mbaula ndinaisiya.

Anapopera kanayi, modekha, dzanja likuyenda ngati akusesa. Atamaliza, galimoto inali ikung'anima moti ndinadziona nkhope pachitseko. Ndinajambula chithunzi n'kutumizira alongo anga, ndipo ndinawauza amisiri kuti nthawi zina anthu amaopa zinthu zopanda pake. Iwo anangopitiriza kutsuka chopopera chawo.

Lachisanu m'mawa ndinalawirira kukaitenga. Nditakweza tenti ija ndinaima. Kuwala konse kunali kutapita. Buluu analipo, koma pamwamba pake panali utoto wambuu, ngati wina wathirapo madzi otsukira kapu ya mkaka n'kusiya kuti aume. Denga, boneti, zitseko, ponseponse mofanana. Ndinapukuta ndi nsonga ya chitenje, osasintha. Ndinalavulirapo n'kupukutanso, osasintha.

"Chinyezi chinalowa penti akuuma," anatero amisiri kumbuyo kwanga. "Chili m'kati, sichichoka ndi nsalu."

Sananene kuti ndinakuuzani, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa akananena. Ndinafunsa chochita. Anati njira ndi ziwiri, kupoperanso kapena kudikira masabata awiri kuti penti alimbe, iwo adzamukhule ndi polishi mpaka kuwala kubwerere. Penti anali atatha m'chitini, ndalama zogulira wina panalibe, ndipo chiliza chinali mawa lake. Ndinakhala pa tayala lakutha n'kulira. Sikunali kulira kwachisoni, kunali kwaukali, poti ndinafunafuna womukalipira koma ndinangopeza ine ndemwe.

Ndinaiyendetsa kupita kunyumba ndikukonza mawu opepesera. Chinthu chimodzi chokha chimene mayi anandipempha, ndinali nditachiononga kawiri, poyamba posawamvera iwo, kachiwiri posamvera amisiri. Nditaima pabwalo sindinatsike msanga.

Mayi anatuluka m'khitchini, manja ali onyowa, poti ankatsuka nyemba za kalongonda za mawa lake. Anaima pakhonde. Kenako anatsika masitepe pang'onopang'ono, anazungulira galimoto yonse, n'kuika chikhatho pa boneti, n'kuchisiya pomwepo.

"Ndimayesa sunandimve," anatero.

Ndikanatha kungokhala chete n'kulandira ulemuwo. Koma ndinatsika n'kunena zoona. "Sindinakumvereni, mayi. Ndinagula wowala uja. Chiperoni ndi chimene chamutuwitsa."

"Ndiye kuti chiperoni chili ndi makutu kuposa iwe," anatero, maso ali pa galimoto. "Ndi imeneyi. Ndi mmene inalili."

Apo mpamene ndinazindikira chinthu chimene mwana wa sitandade thuu akanachiona. Bambo anagula galimotoyi itayenda kale zaka zambiri pa dzuwa ndi mvula ya kuno. Lamulungu lililonse akabwera kutchalitchi ankaitsuka ndi sopo wamtanda, yemweyo wochapira zovala, n'kuisiya iume yokha. Sinawalepo m'manja mwawo ngakhale tsiku limodzi. Buluu wa pansi pa labala uja anali wa bwana amene anawagulitsa. Wa bambo anga anali uyu, ndipo mayi anandiuza pakhonde paja, ine n'kuwanyoza maso.

Ndinati, "Mundikhululukire za maso zija."

"Katenge ndowa za thobwa uike kumbuyo," anatero. "Usaziike pampando."

Loweruka tinanyamuka kudakali nkhungu. Mayi anakhala kutsogolo, ndipo chitseko cha mbali yawo, chimene chimafuna kuchinyamulira m'mwamba pang'ono kuti chitsekeke, anachitseka kamodzi kokha osafunsa munthu. Njira yonse ya ku Milonde anangogwira chikwama chawo pamiyendo, akuyang'ana kutsogolo.

Titakhota kulowa kanjira ka m'mudzi, anthu anali atasonkhana kale pabwalo, azimayi ali pa mafuwa. Azakhali, mlongo wawo wa bambo, omwe aja ankati tigulitse kwa a zitsulo, anali atanyamula beseni la mbale. Atamva kulira kwa injini anatembenuka. Anaiona galimoto ikutuluka m'nkhungumo, anatula beseni pansi, n'kuyamba kuyenda kutichingamira akuitana, "Achimwene, achimwene." Atafika pa windo la dalaivala anapeza ine. Anagwira chitseko ndi manja onse awiri n'kulira, ndipo mayi, amene sanagwetse msozi pamaso pa anthu tsiku la maliro, analira nawo ali pampando pomwepo. Ine ndinazimitsa injini n'kudikira.

Masabata awiri atakwana ndinakumana ndi amisiri pa msika. Anati penti walimba tsopano, ndibweretse galimoto adzaikhule ndi polishi, sadzandilipiritsa. Ndinawathokoza n'kuwauza kuti ndifunse kaye kunyumba. Sindinafunse, ndipo sindinapite nayo. Lamulungu lake, nditabwera kutchalitchi, ndinawapeza mayi kuseri ndi ndowa ya madzi ndi sopo wamtanda, akutsuka boneti.