Chipewa cha a Manolo

Ndikangomva fungo la adyo akukazingidwa m'mafuta a olivi, ndimakumbukira a Manolo, aneba athu ku Silver Spring, ku America, ndili kamtsikana. Anali Mgitano wochokera ku Spain, woimba flamenco, nyimbo za mtundu wawo.

Tsiku loyamba kuwamva, ndinathamangira amayi, amene anali atangoweruka kuchipatala.

"Amayi, kwa aneba kwagwa maliro!"

Amayi anamanga chitenje n'kukagogoda. A Manolo anatsegula ali ndi supuni m'manja, m'maso mopanda msozi. Ankangokonzekeretsa mawu. Anaseka mpaka kutsokomola, kenako anatiitanira kulesitilanti ina ya ku Washington kumene ankaimba.

Tinapita Loweruka masana. Mwini malo anali atawaveka chipewa chachikulu cha ku Mexico, ati makasitomala amachikonda. A Manolo anatsinzina n'kuyamba nyimbo yolira mchimwene wawo amene anafera m'ndende. Mitsempha ya pakhosi inachita kutupa. Koma mabwana ovala mataye ankangophwanya nkhanu, mafuta akuyenderera m'zigongono. Nyimbo ili mkati, wina anakweza foloko.

"Iwe! Imba yosangalatsa, lero ndi tsiku lobadwa la mkazi wanga!"

A Manolo anaimbabe yomweyo mpaka kumapeto. Atatero anavula chipewa chija n'kuvindikira nacho mbale ya bwanayo. Ntchito inathera pomwepo, ndipo m'malo mwawo mwini malo anaikamo kaseti.

Tikubwerera pa sitima, amayi anangoti, "Anthu aja makutu anawasiya kunyumba."

Lero ndimaona kuti kaseti ndiyo inkawayeneradi anthu amenewo, chifukwa ikayamba kusokoneza kutafuna, umangoichepetsa mawu.